Ndiwo za lero, thanzi la mwana wa mawa

Mukapita ku Soweto m'mawa, imani pang'ono pamene azimayi a salaula atsegula belo. Likali lomanga na mawaya, simungakhulupirire kuti muli zovala zambiri choncho. Zimene zatulukira pamwamba ndiye zimene anthu aona na kugula. Zopanikizika pakati ziliko, koma palibe aziona.

Thupi lanu nalo limalongedza chimodzimodzi. Mu kaselo kamodzi, kosaoneka na maso, muli DNA yotalika pafupifupi mamita awiri, yokulungidwa pa timapuloteni totchedwa histone monga ulusi wa telala pa bobini. Mu DNA imeneyo muli majini pafupifupi 20,000. Iyai, sitikamba aja ochotsa ku mapemphero a usiku, tikamba malangizo amene munatenga kwa atate na amayi. Pamene pamangika kwambiri, selo siwerenga. Pomasuka iwerenga. Ndiye pali tizizindikiro totchedwa methyl timene timamatira pa DNA na kuthandiza kusankha potseka na potsegula. Maphunziro a zimenezi ni epigenetics.

Manje nkhani ili apa: zambiri mwa zizindikiro izi zimaikidwa mwana akali m'mimba, ndipo chakudya cha amayi chili na mbali yake.

Ku Netherlands, kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mu 1944 na 1945, asilikali a Germany anatseka njira za chakudya ndipo anthu pafupifupi 20,000 anafa na njala. Madokotala anatsatira ana amene anali m'mimba nthawi imeneyo. Atakula, shuga, kunenepa kwambiri na matenda a mtima zinapezeka kwambiri mwa iwo kuposa mwa anzawo. Mu 2008 ofufuza anayeza magazi a amene mimba yawo inayamba mkati mwa njala, napeza kuti pa jini ya kakulidwe yotchedwa IGF2 anali na methyl yochepa poyerekeza na abale awo a mimba imodzi. Zaka 60 zinali zitapita, nkhondo inasila kale, koma thupi linali likali na chizindikiro.

Musati ni za azungu chabe. Ku midzi ya ku Gambia, kafukufuku wa mu 2014 anaonetsa kuti ana amene mimba yawo inayamba nthawi ya mvula, pamene nkhokwe zili mbee, anali na zizindikiro zosiyana na za ana a nthawi ya kukolola. Kusiyana kunayambira m'masiku oyambirira, mzimayi asanadziwe n'komwe kuti ali na pakati.

Ise njala sitiimvera pa wailesi. Akuluakulu akumbuka chimanga chayelo cha mu 1992. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ni tsoka la dziko lonse, ndipo ana amene anali m'mimba chaka chija tili nawo pa nyumba. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu mu Zambia ni opinimbira. Zifukwa ni zambiri, kuphatikizapo madzi akuda na kutsegula m'mimba pafupipafupi, koma vuto limayamba msanga. N'chifukwa chake a National Food and Nutrition Commission amalimbikira za masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mimba yayamba kufika mwana atakwanitsa zaka ziwiri.

Koma chenjerani na aja a pa TikTok okamba ati mavuto anu onse munatengera kwa ambuye. Mu zomera na tinyongolotsi, asayansi aonadi zizindikiro zikudutsa mibadwo ingapo. Mwa anthu, zambiri zimafufutika mimba ikangoyamba, n'kulembedwa zatsopano. Umboni wolimba uli pa mayi na mwana amene wanyamula. Ndipo ni mwayi wodwala umene umakwera, si kuti matenda abwera ndithu. Musaimbe mlandu amayi anu, anadya zimene zinalipo.

Nanga muchite bwanji na ndalama zochepa? Nsima ya ka Pamela na supu chabe imakhutitsa, koma thupi lifunanso folate na vitamini B12, zimene limagwiritsa ntchito popanga methyl ija. Folate ili mu chibwabwa, bondwe, kalembula, nyemba na nshawa. B12 ili mu kapenta, mazira na mkaka. Zonsezi zili pa Soweto pomwepo. Zija zakuti wapakati akadya mazira mwana abadwa wopanda tsitsi, zisiyeni. Ku kiliniki pitani miyezi itatu isanakwane, ndipo mapilisi a folic acid na ayironi amene akupatsani imwani, osasunga m'kabati.

Imwe amuna, nkhani iyi ni yanunso. Ngati akazi anu ali na pakati, kapena mukonzekera mwana, nthuli yaikulu si yanu manje. Mukalandira pa monthend, musanalowe ku bawa kapena ku betting, pitirani ku Soweto mugule kapenta na nyemba.