MAGANIZO ATHU: Banki nayonso iziyankha mafunso

Munthu akapita kukatapa malipiro ake kumapeto kwa mwezi n'kupeza kuti banki yadyako kale, kawirikawiri amangopukusa mutu n'kutuluka. Ife tikuti mchitidwe wongopukusa mutuwu uthe. Ndalamazo ndi thukuta lanu, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kumene zapita.

Abale athu amene anakhalako ku Britain akuidziwa bwino nkhaniyi. Kumeneko munthu akatapa ndalama zoposa zimene zili mu akaunti yake popanda chilolezo, kapena cheke chake chikabwezedwa, banki inkamudula chindapusa cha mapaundi 30 kapena kuposa pa cholakwa chimodzi. Chindapusacho chinkamumiza m'ngongole, ngongoleyo n'kubala chindapusa china. Amene ankalipira kwambiri anali osauka.

Anthu atatopa anayamba kulemba makalata oitanitsa ndalama zawo, ndipo banki zinabweza ndalama zankhaninkhani. Mu 2007 bungwe la boma la Office of Fair Trading linatengera banki zikuluzikulu kukhoti, koma mu November 2009 khoti la Supreme Court linagamula mokomera banki. Ambiri anayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Ayi ndithu. Amene chindapusa chinawasiya pa umphawi anapitiriza kukadandaula kwa Financial Ombudsman Service, kumene salipiritsa kanthu. Kenaka mu April 2020 bungwe la Financial Conduct Authority linaletsa zodula chindapusa cha tsiku ndi tsiku kapena cha pamwezi pa overdraft. N'zoona kuti banki zambiri zinakweza chiwongoladzanja kufika pafupifupi 40 peresenti, koma tsopano munthu amaona mtengo weniweni wa ngongole yake asanaitenge.

Nanga kuno kwathu tizingokhala chete? Langizo lathu ndi ili. Itanitsani sitetimenti ya akaunti yanu ndipo chongani ndalama iliyonse imene banki yadula. Funsani ndandanda wa mitengo yawo, muyerekeze ndi zimene munasainira potsegula akaunti. Mukapeza chindapusa chimene simunauzidwe, kapena chodulidwa kawiri, lemberani kalata manijala wa nthambi yanu, mutchule tsiku ndi kuchuluka kwa ndalamazo, ndipo musunge kope. Zolankhula pakauntala zimauluka ndi mphepo, kalata simakanika.

Akapanda kukuyankhani, kadanduleni ku Reserve Bank of Malawi, kwa Registrar of Financial Institutions, amene lamulo la Financial Services Act la 2010 linamupatsa mphamvu zoyang'anira banki. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission nalonso limamva madandaulo a ogula.

Sitikunena kuti ngongole isabwezedwe. Wokongola abweze ndithu. Koma chilango chiyenera kulingana ndi cholakwa, ndipo chizidziwika poyera. Banki sidzabwera yokha kunyumba kwanu kudzakubwezerani. Paja akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.