Magetsi Angachepetse Kulira kwa M'khutu, Koma Si kwa Aliyense

Usiku, mudzi wonse uli zii, pali anthu ena amene saona tulo chifukwa m'khutu mwao mumalira ngati nyenje. Madokotala amatcha vutoli tinnitus. Ena amaganiza kuti analodzedwa, pamene ena akamva kuti maiko akutali ali ndi chithandizo cha magetsi amataya mtima poona kuti iwo sangachipeze. Kutaya mtima kumeneku nkosayenera.

M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiŵalo kooneka ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo ta ubweya pafupifupi 15,000, timene timasandutsa mau kukhala uthenga wa magetsi wopita ku ubongo kudzera mu mtsempha wakumva. Timaseloti tikafa sitimeranso. Tsono ubongo ukasoŵa uthenga umene unauzoloŵera, kaŵirikaŵiri umayamba kumva kulira kumene kulibe.

Nchifukwa chake akatswiri anaganiza zopatsa mtsemphawo magetsi ochepa kwambiri. M'chaka cha 1957 ku Paris, André Djourno ndi Charles Eyriès anaika kawaya pa mtsempha wakumva wa munthu wogontha, ndipo iye anamva phokoso. M'chaka cha 1978 ku Melbourne, Graeme Clark anaika m'kachigoba kaja chipangizo cha timawaya tambiri. Chipangizo chotere chimatchedwa cochlear implant. Cholinga chake chinali kubwezera kumva, koma odwala ambiri anaona kuti chikayatsidwa, kulira kuja kumachepa kapena kuleka.

Komabe chithandizochi chili ndi malire ake. Chimafuna opaleshoni, ndalama zambiri ndi miyezi yophunzira kumva mwatsopano. Kuloŵetsa waya kungaononge kumva kumene kunatsala, motero amachiika makamaka m'khutu logontha kale. Kwa anthu ena oŵerengeka kulira kumaonjezeka. Munthu amene akumvabe bwino sayenera kuchilakalaka, ndipo kuyesa magetsi a batire m'khutu kunyumba nkoopsa zedi.

Kwa munthu wakumudzi, chithandizo chenicheni chili pafupi. Phula lotseka khutu limachotsedwa ku chipatala. Khutu lotuluka mafinya limachira likapatsidwa mankhwala msanga. Kwinini ndi asipulini wochuluka amaliritsa m'khutu, ndipo kulirako kumatha mankhwalawo akatha m'thupi. Koma jakisoni wa streptomycin kapena gentamicin angaononge khutu kotheratu. Choncho wodwala akamva kulira ali pa mankhwala, auze dokotala tsiku lomwelo, osangosiya mankhwalawo yekha.

Phokoso nalo ndi mdani. Wogwira ntchito m'chigayo, amene amachita kukuwa polankhula ndi mnzake ali pafupi, avale zotsekera m'makutu. Nthenga, timitengo ta machesi ndi madzi a zitsamba zisaloŵe m'khutu. Amene kulira kumamsoŵetsa tulo angatsegule wailesi motsitsa, pakuti phokoso lapansipansi limaphimba kulirako. Amene samva bwino amathandizidwanso ndi makina othandiza kumva.

Kulira kwa khutu limodzi lokha, kulira kogunda pamodzi ndi mtima, kapena kugontha kwadzidzidzi kumafuna kupimidwa mwamsanga. Chipatala chaching'ono chingatumize wodwala kwa akatswiri a makutu, monga a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre.

Magetsi amathandiza khutu litaonongeka kale. Wanzeru amasamala khutu lake likadali lamoyo, ndipo likayamba kulira amapita kukafunsa. Paja akulu anati safunsa anadya phula.