Nsabwe Zimatha, Koma Osati ndi Palafini

Asisi, lero tikambe nkhani yomwe timabisirana ngakhale tikugona chipinda chimodzi: nsabwe za m'mutu. Mutu ukayamba kuyabwa timangokanda mwakachetechete, kenako wina n'kutinong'oneza kuti "ingothira palafini" kapena "popera mankhwala a mphemvu". Ife tikuti ayi ndithu. Palafini amapsereza khungu, ndipo ukayandikira mbaula kapena kandulo magetsi atathima, tsitsi lonse litha kuyaka. Mankhwala a mphemvu ndi poizoni, sanapangidwire mutu wa munthu.

Chimatifikitsa pamenepo ndi manyazi basi. Komatu nsabwe si umve. Zimagwira ndi wosamba kawiri pa tsiku yemwe. Sizidumpha, siziuluka, zimangokwawa mitu ikagundana, kaya pogona limodzi ku hositelo, kaya ponyamula mwana.

Ambiri timati mankhwala a ku famase sagwira ntchito. Nthawi zambiri vuto ndi lakuti timapaka kamodzi n'kusiya. Permethrin amapha nsabwe zoyenda koma mazira ena amatsala, ndipo amaswa pakatha masiku 7 mpaka 10. N'chifukwa chake pamafunika kupakanso kachiwiri pakatha sabata kapena masiku 9, malinga ndi zomwe zalembedwa pa botolo. Zoona, m'maiko ambiri nsabwe zinapima ndi permethrin. Ngati mwatsatira zonse koma zikuyendabe, musaonjezere muyezo, sinthani mankhwala. Dimeticone sapha ndi poizoni, amangozikuta nsabwezo ngati mafuta mpaka kufa, ndiye n'kovuta kuti zimuzolowere. Nayenso amafuna kubwereza pakatha masiku 7. Oyembekezera, oyamwitsa komanso amene ali ndi khanda, yambani mwafunsa kuchipatala.

Ndalama palibe? Chipeso cha mano oyandikana kwambiri chimathandiza, bola kupirira. Nyowetsani tsitsi, pakani conditioner wambiri, ligaweni tizigawo, muzipesa kuyambira pakhungu mpaka kunsonga. Chitani izi tsiku loyamba, la 5, la 9 ndi la 13, kuti zongoswa kumene zichoke zisanayambe kuikira.

Tikudziwa, meshi yakudyerani ndalama zambiri ndipo kuimasula n'kowawa mtima. Koma mazira amamatirira m'munsi mwa tsitsi, pomwe chipeso sichingadutse tsitsi lili lolukidwa. Masulani, asisi, mudzalukanso. Nsabwe ikachoka m'mutu siipyola masiku awiri ili moyo, ndiye palibe chifukwa chotaya zofunda. Ingochapani duku, mpango wogonera ndi nsalu ya pilo m'madzi otentha. Onaninso mitu ya onse a m'nyumba, ndipo amene mwawapeza nazo athandizidwe tsiku lomwelo, apo ayi muzingopatsirana.

Ndipo mng'ono wanu akabwera nazo kuchokera kusukulu, musamukalipire kapena kumumeta mpala mokakamiza anzake akuona. Mukhazikeni pamkeka, tengani chipeso, muuzeni kuti nafenso zinatigwirapo.