Kuzimitsa nyali si kukonza mabuleki

Msewu wa M2, wochoka ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi ku Luchenza mpaka pachipata cha Muloza, umadya mabuleki. Umakhotakhota m'minda ya tiyi, uli ndi mitsetse italiitali, ndipo pofika pa Chitakale ndi pa Limbuli dalaivala amapondaponda buleki chifukwa cha njinga za kabaza ndi amalonda a nanazi. Mvula ya Mulanje imakokolola mchenga n'kuumwaza pamsewu, ndipo mchengawo ukalowa m'matayala umapala mapadi usana ndi usiku. Tsono ganizirani Toyota Sienta ya mipando 7 itanyamula anthu oposa pamenepo, matumba a mpunga ali kumbuyo.

Opanga galimoto ankadziwa kuti mapadi amatha, n'chifukwa chake anaikamo zochenjeza. Vuto la kwathu kuno si kusowa kwa chenjezo. Vuto ndi luso limene tili nalo lolitseka pakamwa.

Padi yatsopano imakhala yokhuthala mamilimita pafupifupi 10 mpaka 12, ndipo ikafika pa 3 ndiye kuti yakwana yochotsa. Galimoto zambiri za ku Japan, zimene zadzaza m'masiteji a Mulanje, zili ndi kachitsulo kakang'ono komatidwa m'mbali mwa padi. Padi ikaperepeseka, kachitsuloko kamayamba kukhudza disiki n'kumalira tswii! Kulirako sikutanthauza kuti china chake chathyoka, ndi uthenga wochita kuikamo dala. Koma alipo amakaniko amene amangokapinda ndi pulayala kapena kukathyola, mwini galimoto n'kumapita akumwetulira kuti phokoso latha. Patapita masabata ochepa kumabwera phokoso lina, lachitsulo chikukukuta chitsulo chinzake, ndipo pamenepo wogula mapadi okha uja amayenera kugulanso disiki.

Chenjezo lina limabisala m'kabotolo ka mafuta a mabuleki. Mapadi akamatha, mapisitoni amatuluka kwambiri kuti afikire disiki, mafuta ambiri amatsikira kumatayala, ndipo m'kabotolo amaoneka ochepa. Nyali yofiira yokhala ndi chizindikiro cha mfuu, yomwe ija imayakanso handibuleki ikakokedwa, imayamba kuphethira pamakona ndi pamitsetse. Dalaivala amaima pa filing'i sitesheni, kugula kabotolo ka DOT 3 kapena DOT 4, kuthira, nyali n'kuzima. Palibe chimene wakonza. Mafuta a mabuleki sapsa ngati petulo: akachepa ndiye kuti mapadi atha kapena penapake pakudontha, ndipo zonse ziwirizi zimafuna kuti tayala lichotsedwe munthu aone ndi maso.

Galimoto zambiri za ku Germany monga BMW, Mercedes-Benz ndi Volkswagen zimagwiritsa ntchito sensa yamagetsi. Ndi kawaya kokutidwa ndi pulasitiki kamene kamalowetsedwa m'padi. Padi ikatha, disiki imadya pulasitikiyo mpaka kukhudza kapena kudula kawayako, ndipo nyali imayaka padashibodi. Sensa ikadyeka motero yatha ntchito, siibwezeretsedwanso, imagulidwa ina pamodzi ndi mapadi. BMW zambiri zili ndi masensa awiri, imodzi kutsogolo kumanzere, ina kumbuyo kumanja, ndipo kompyuta yake imawerengera makilomita amene atsala mapadi asanathe. Ukasintha mapadi, umayenera kuiuza kompyutayo kuti iyambirenso kuwerenga, kudzera pamabatani a padashibodi kapena pamakina olumikiza kusoketi ya OBD ya mapini 16 imene imakhala pansi pa chiwongolero. Sensa ikakhala yoduka, kompyuta imakana.

Apa ndi pamene nzeru za pansi pa mtengo zimalowerera. Sensa sipezeka m'sitolo iliyonse ya zipangizo, kawirikawiri imafuna ulendo wa ku Limbe kapena ku Blantyre, tsono makaniko amasenda mawaya awiri a sensayo, kuwapota pamodzi ndi kuwakulunga tepi. Kompyuta imakhulupirira kuti zonse zili bwino, nyali imazima, ndipo sidzayakanso ngakhale mapadi atatheratu. Ena safika n'komwe kumawaya, amangomata katepi kakuda pagalasi la dashibodi. Kuteroko n'chimodzimodzi kupha tambala pofuna kuti kusache.

Amakaniko ali ndi yankho lawo, ndipo si lopusa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zambiri zimachokera kunja, ndipo dalaivala amafuna galimoto ibwerere pamsewu dzuwa lisanalowe kuti apeze ya bwana ndi ya ndiwo. Komanso galimoto zambiri zochokera ku Japan zimalemba mauthenga ake m'Chijapanizi, moti dalaivala wa ku Nkando angawerenge bwanji? Koma zifukwa zimenezi zikufotokoza za kuchedwa kugula sensa, osati kubisira mwini wake kuti galimoto yake ilibenso chochenjeza. Makaniko amene wapota mawaya chifukwa chosowa sensa anene poyera, ndipo auze kasitomala tsiku loti adzabwere adzayeze mapadi. Zimawawa kwambiri galimoto yotere ikagulitsidwa: wogulayo amaona dashibodi yoyera, n'kumatsika mtsetse wa ku Thyolo m'nkhungu ya chiperoni akudalira nyali imene inafa kalekale.

Satifiketi ya COF imene nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS imapereka imangonena za mmene galimoto inalili tsiku loyesedwa. Mapadi amatha pakati pa masiku oyesedwawo. Choncho udindo waukulu uli kwa mwini galimoto, ndipo sufuna ndalama zambiri. Apemphe kuona mapadi akale amene achotsedwa, pamodzi ndi sensa yake ngati galimotoyo ili nayo. Aonetsetse kuti asintha mbali zonse ziwiri, osati tayala limodzi. Akatembenuza kiyi injini isanalire, nyali zochenjeza zimayenera kuyaka kaye kenako n'kuzima. Ya mabuleki ikapanda kuoneka n'komwe, afunse chifukwa chake. Ndipo asanatuluke pagalaja apope buleki kangapo mpaka pedo italimba, chifukwa mapisitoni amakhala atakankhidwira mkati ndipo kuponda koyamba kumatha kufika pansi osagwira.

TEVETA, imene imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, iyenera kufikira amakaniko a pa Chitakale, Chonde ndi Limbuli ndi maphunziro aafupi a zamagetsi a galimoto, chifukwa galimoto zimene zikulowa m'dziko muno tsopano zina zili ndi handibuleki ya batani, imene mapadi ake akumbuyo sasinthidwa bwinobwino popanda kuuza kaye kompyuta kuti imasule mota.