KODI MUNAPULUMUTSIDWA? TIYANKHE BWANJI?

Funso ili latikwana. Amatifunsa m'minibasi, kusukulu, ngakhale pamaliro. Mkatolika akangokayika pang'ono, amamuuza kuti ubatizo wake unali madzi chabe, ndipo ena mwa ife achoka mu Eklezia chifukwa cha manyazi a mphindi imodzi imeneyo.

Tikukana kuti kunena motsimikiza kuti "ine kumwamba ndalowa kale" ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chokhwima. Werengani Luka 18:9-14. Mfarisi uja sananame: ankasaladi zakudya kawiri pa sabata, ankaperekadi chachikhumi. Chinamugwetsa nchakuti anadziweruza yekha kuti wapambana, nakhala pampando umene ndi wa Mulungu. Wamsonkho, amene sanayese nkomwe kukweza maso, ndiye anabwerera kwawo atalungamitsidwa.

Nanga Petulo Woyera? Analonjeza kuti ngakhale onse athawe, iye sadzathawa. Tambala asanalire anali atakana Ambuye katatu. Paulo Woyera, mtumwi amene anavutikira Uthenga Wabwino kuposa tonsefe, akuti pa 1 Akorinto 9:27 ankalanga thupi lake poopa kuti angatayidwe iye mwini atalalikira anthu ena. Ngati Paulo ankaopa, mnyamata amene anakweza dzanja pamsonkhano wachitsitsimutso mwezi watha watenga kuti chitupa chakumwamba?

Nchifukwa chake Msonkhano wa ku Trent, mu 1547, unaphunzitsa kuti palibe angadziwe motsimikiza kotheratu kuti adzalimbikira mpaka kumapeto, pokhapokha Mulungu atamuululira mwapadera. Koma tisamve molakwa, pakuti apa ndi pamene abale athu amatinamizira. Eklezia satiphunzitsa kukayika chifundo cha Mulungu. Katekisimu, pa ndime 2091 ndi 2092, amatchula machimo awiri olimbana ndi chiyembekezo: kutaya mtima, ndi kudzitsimikizira chipulumutso popanda kutembenuka mtima. Malonjezo a Khristu sagwedezeka. Chimene chimagwedezeka ndi mtima wathu, ndipo aliyense amene wagwadapo kawiri pamaso pa wansembe chifukwa cha tchimo lomwelo akudziwa zimenezi.

Mu 1431, oweruza ku Rouen anatchera Jeanne d'Arc msampha womwewu pomufunsa ngati anali m'chaulere cha Mulungu. Mtsikana wosadziwa kuwerenga uja sanavomere, sanakanenso. Anangopempha kuti ngati salimo Mulungu amulowetsemo, ngati alimo amusungemo.

Tsono akatifunsanso, tisagwetse nkhope. Tiwauze kuti Khristu anatiombola pamtanda, tinabadwa mwatsopano mu ubatizo, ndipo Loweruka likudzali tikupita kukalapa.