Mbiri yathu ikuthera panjira, silabasi ya History isinthe



Tengani mabuku a History a mng'ono wanu wa kusekondale, muone mmene mitu yasanjidwira. Fomu 1 ndi 2 amayambira kutali: anthu akalekale, zida za miyala, Egypt, kenako Maravi, Mwenemutapa ndi malonda a akapolo. Fomu 3 ndi 4 kumabwera Ayao, Angoni, amishoni, atsamunda, Chilembwe wa 1915, chitaganya cha 1953. Pambali pake pali katundu wa ku Ulaya: nkhondo ziwiri zikuluzikulu, pangano la Versailles la 1919, League of Nations, Stalin, Hitler.

Sitikuti zimenezi n'zachabe ayi. Vuto ndi mzerewo. Ukasanja mbiri kuyambira kumapanga, zaka zomwe makolo athu anaziona ndi maso zimakhala kumchira. Ndipo kumchirako tonse tikukudziwa: ndi teremu ya ma mock, aphunzitsi akuthamangitsa manotsi, MSCE ili pakhomo. Onjezani kuti History ndi phunziro losankha, ambiri amalisiya panjira. Ndiye munthu amamaliza Fomu 4, ena mpaka digiri ngati ifeyo, akutha kulakatula zomwe Germany inalandidwa ku Versailles, koma mukamufunsa za Mwanza 1983 amangoti kukamwa yasa.

Tikumbutsane. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Chaka chomwecho, pa 8 March, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ophunzira a ku Chancellor College analowa mumsewu, mu May ogwira ntchito ku Blantyre ananyanyala. Pa 14 June 1993 anthu anavotera zipani zambiri pa referendamu. Anachita zimenezi anali anthu ngati ife, ena a msinkhu wathu womwewu. Nanga 20 July 2011, pomwe anthu pafupifupi 20 anafa pazionetsero? Ife tinamva kwa achimwene athu ndi pa Facebook, osati m'kalasi.

Ena akuti, "aa, zimenezo ndi ndale, ana asamaphunzire." Eti? Hitler si ndale? Stalin si ndale? Zikakhala za ku Berlin ndi maphunziro, zikakhala za ku Mikuyu ndi ndale. Chomwe chilipo n'chakuti Hitler alibe chipani chomwe chikupempha mavoti athu, pamene mbiri ya pambuyo pa 1964 ili ndi eni ake, ndipo ena akadali m'mipando. Palibe chipani chomwe chingatuluke choyera: wina ali ndi Mwanza, wina ali ndi July 20, wina ali ndi Cashgate ya 2013. N'chifukwa chake onse amagwirizana pa chinthu chimodzi, kukhala chete.

Aphunzitsi tisawanene. Amaphunzitsa zomwe MANEB imafunsa, ndipo MANEB imafunsa zomwe zili m'silabasi yokonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Pokhoma ndi pamenepo.

Tikufuna mbiri ya Malawi kuyambira 1959 mpaka chigamulo cha khothi cha 3 February 2020 iphunzitsidwe wophunzira aliyense asanasankhe maphunziro, osati kudikira teremu yomaliza ya Fomu 4. Ikhalenso ndi funso lake pamayeso, losati n'kulidumpha. Versailles asendere pang'ono, sakufa.

Sabata ino chitani ziwiri. Jambulani tsamba la mitu la buku la History lomwe lili pakhomo panu, mutumize kwa admin, tiwerengere limodzi masamba a Malawi wa pambuyo pa 1964. Kenako khalani pansi ndi agogo kapena amalume, muwafunse komwe anali tsiku la referendamu ndi zomwe zinkachitika ukapezeka wopanda khadi la chipani pamsika. Akalola, jambulani mawu awo.

Tumizani uthengawu kumagulu ena.