Chulukechuluke ngwa njuchi, nanga yaluma Mangochi ndi iti?

Chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Mwambi umenewu unkamveka pabwalo la milandu munthu akaimirira n'kuyamba kudandaula kuti mudzi uno ngwa anthu oipa, amandida, amandibera. Nyakwawa inkamudula pakamwa: tamva kuti njuchi n'zambiri, koma yakuluma iwe ndi iti? Akalephera kutchula, bwalo linkabalalika, anthu n'kubwerera kuminda.

Mwambiwu umandibwerera ndikakwera minibasi pa Liwonde kulowera ku Mangochi. Musanafike n'komwe pa Ulongwe, wina amakhala atayambitsa kale nkhani yoti kunyanja kwaipa masiku ano. Uyu akuti injini za maboti zikusowa pamadoko. Uyo akuti wakabaza wina anamulanda njinga yamoto usiku atamuchita hayala. Mayi wa kumpando wakumbuyo akuti nyumba ya mwana wake amene ali ku Joni anaithyola kawiri. Zonsezi n'zoona, ndipo n'zowawa. Koma tafunsani kuti akuchita zimenezi ndani. Yankho limakhala lakuti ndi anyamata obwera, kapena alovi ogwira ganyu m'maboti, kapena a ku Mozambique. Kenako chaka chikamatha, mneneri wa polisi amalengeza pawailesi kuti milandu yatsika kapena yakwera poyerekeza ndi chaka chatha, ndipo a m'minibasi aja amaseka kuti akunena za boma lina. Onsewa akuwerenga njuchi zouluka. Yoluma ija palibe akuitchula.

Chiwerengero cha apolisi si bodza, koma tidziwe kumene chimachokera. Chimachokera m'buku la pakauntala, momwe mumalembedwa zokhazo zimene munthu wabwera kudzanena ndi pakamwa pake. Msodzi wa ku Makanjira kapena ku Malindi amene wapeza matchera ake atavuulidwa usiku amayamba wawerengetsa: ndalama ya ulendo, tsiku lathunthu osalowa m'madzi, kenako kubwererabwerera kukaperekera umboni kukhoti. Akaona kuti zikuposa mtengo wa ukondewo, amangoti Mulungu aweruza yekha. M'bukumo simulembedwa kanthu, ndipo pa chiwerengero cha chaka doko lake limaoneka lamtendere. Mosiyana ndi zimenezi, dera limene anthu ayamba kukhulupirira apolisi n'kumakanena milandu limatha kuoneka ngati laipa kwambiri, chikhalirecho ndi kumene zinthu zayamba kuyenda. N'chifukwa chake ine sindiombera m'manja ndikamva kuti milandu yatsika, komanso sindigwira pakamwa ndikamva kuti yakwera.

Pali chifukwa china chimene anthu sanenera, ndipo ichi ndinachiona ndi maso anga. Malume anga anali ndi boti la chilimira. Tsiku lina m'bandakucha, alovi atabwera kuchokera ku kauni, usodzi wa usiku wa nyali, anakokera boti kumtunda monga mwa nthawi zonse, usipa n'kuyamba kupimidwa m'mabigili, amayi akulimbirana kuti akayanike pathandala dzuwa lisanakwere. Mlonda wa injini anachoka pang'ono kukamwa tiyi. Pobwera anapeza kumbuyo kwa boti kuli mbee, mabawuti ali pamchenga. Sabata isanathe a malume anali atadziwa kale kumene injiniyo ili. Anali ataipaka utoto wina, ikulira pa boti la munthu wa doko lachitatu kuchokera pathu, ndipo amene anaigulitsa anali mwana wa mlamu wawo. Ndinawafunsa kuti bwanji osapita ku polisi. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mphwanga, ndikam'mangitsa mwana ameneyu, pamaliro anga adzakumba manda ndani?" Nkhani inathera pakhonde, analipidwa mbuzi ziwiri ndi lonjezo. Koma a malume omwewo akakhala pagulu ankadandaula nawo kuti anyamata obwera atha anthu.

Apa ndi pamene mwambi wina umalowa: khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Timaopa kuswa mkhate, ndiye khoswe amanenepa. Injini ya boti si foni yoti munthu angaibise m'thumba. Imafuna anthu awiri kuinyamula, wina woisunga, makaniki wofufuta nambala, ndi wogula amene sadzafunsa chifukwa chake mtengo watsika chotere. Mlendo amene wafika dzulo sangadziwe nthawi imene mlonda amakamwa tiyi. Zoti katundu wobedwa amatha kuoloka malire n'zoona, pakuti kuchokera pa boma kukwera phiri kudutsa Namwera kukafika pa Chiponde si patali, ndipo kutsidya kwake ndi Mandimba. Koma mawu akuti "zapita ku Mozambique" asanduka chofunda chabwino. Akangonenedwa, kufufuza kumathera pomwepo ndipo aliyense amagona tulo.

Sindikunena kuti alendo onse ndi angelo. Mangochi ndi tawuni ya anthu odutsa kuyambira kalekale. Inayamba mu 1891 ngati Fort Johnston, linga limene atsamunda anamanga m'mbali mwa Shire pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo m'dziko la Mponda ndi Makanjira. Kunena kwina, tawuniyi inabadwa chifukwa cha nkhani ya chitetezo, pamalo pamene njira za pamadzi ndi za pamtunda zimakumana. Lero msewu wa M3 umaoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi, wina umalowera ku Monkey Bay kumene Ilala imakocheza, ndipo alendo a mayiko akunja amapitirira mpaka ku Cape Maclear. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 1.1 miliyoni m'boma lonse la Mangochi. Onjezerani ogula nsomba ochokera ku Limbe ndi ku Lilongwe, asodzi amene amasamuka motsatira usipa, ndi achinyamata amene akupita kapena kubwera ku Joni. Walira mvula walira matope. Tinkafuna malonda ndi alendo, ndipo ndalama ikamayenda, maso aumbombo amaitsatira.

Chimene chasintha m'zaka zapitazi ndi mtundu wa zinthu zobedwa ndiponso mtengo wake. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Injini, ukonde, batire, sola ndi njinga yamoto, zonsezi zimachokera kunja, choncho mitengo yake inalumpha. Chinthu chikadula m'sitolo, msika wa chakuba umakula, chifukwa ngakhale munthu wopemphera amayamba kumvetsera akauzidwa kuti pali injini yotchipa. Nthawi yomweyo nyanja yachepetsa kupatsa. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatha mphamvu kale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mlovi amene wagwira usiku wonse amatha kubwerera ndi ndalama yosakwana ufa wa tsiku limodzi. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera n'kulowa m'malo ambiri ogona alendo, ena mwa ogwira ntchito kumeneko n'kukhala pakhomo. Njala sikhululukitsa kuba, koma woweruza wanzeru amafuna kudziwa chimene chatulutsa fisi masana.

Pali zina zimene zapepuka, tisaiwale. Wogula nsomba wakale ankayenda ndi mpukutu wa ndalama m'chiuno, aliyense pa doko akudziwa. Lero ambiri amasunga pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Koma mbava nayo inasamukira pafoni pomwepo, ndi mauthenga aja akuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena akuti katundu wanu wochokera ku Joni wagwidwa pamalire. Boma limene mabanja ambiri ali ndi wachibale ku South Africa ndi munda wachonde wa bodza limeneli, ndipo obedwa mwa njira iyi ambiri amachita manyazi kunena.

Ndiye pali milandu imene sitiitchula n'komwe kuti ndi milandu. Mayi amene akuuzidwa kuti agone ndi mwini boti kuti apeze mwayi wogula usipa. Mtsikana wa sitandade 7 amene wakwatiwa ndi mnyamata wobwera ndi foni yaikulu, pamene malamulo a dziko lino, kuyambira pa kusintha kwa 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mwana wa zaka 12 amene akupalasa bwato usiku m'malo mokhala m'kalasi. A m'minibasi aja akamati kunyanja kwaipa sanena zimenezi, chifukwa njuchi yake ndi ya m'nyumba.

Choopsa cha kusatchula yakuluma n'chakuti mkwiyo sutha, umangosowa pogwera. Ukadzaphulika umagwera aliyense amene ali pafupi ndiponso alibe abale. Tonse tikukumbukira za mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, anthu n'kuphedwa ndi magulu a anzawo popanda umboni wina uliwonse. Pamadoko zimachitika pang'onopang'ono: wina akuwa kuti wakuba, gulu lithamanga ndi nkhafi ndi miyala, ndipo wogwidwayo nthawi zambiri amakhala mnyamata wachilendo amene waba ndowa ya usipa. Mwana wa mlamu uja, wa injini, amakhala ali m'gulu lomwelo, mwala uli m'manja.

Apolisi nawo ali ndi njira yawo yomenyera njuchi zonse pamodzi, ija amati kusesa. Galimoto imafika usiku n'kutola aliyense wopezeka panja. Koma kunyanja usiku ndiwo masana. Siginala, wotsogolera alovi, amanyamuka ndi nyali zake madzulo, alovi amabwera m'bandakucha, amayi a geni amalawirira kukadikira maboti. Mu Januwale 2017 khoti lalikulu linagamula kuti gawo la lamulo limene linkalola kumanga munthu pongomuganizira kuti ndi vakabu likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, pa mlandu wa wogulitsa majumbo wina wa ku Blantyre amene anagwidwa akulawirira ku geni yake. Chigamulo chimenecho chimateteza msodzi kuposa wina aliyense. Munthu amene wagona m'chitolokosi popanda chifukwa sadzabweranso yekha kudzapereka umboni, ndipo buku la pakauntala lija limapitirira kuonda.

Kodi pali pamene zikuyenda? Pitani ku Salima, pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira ya kumeneko. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu akhala akutseka usodzi pachilumbachi nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala, ndipo chikatsegulidwa pali malamulo odziwika kwa aliyense: mowa ayi, juga ayi, chamba ayi. Wophwanya amachotsedwa pachilumba. Lamulo lawo loletsa amayi kufika pachilumbapo ine sindigwirizana nalo, ndipo sindikupempha kuti likopedwe. Chimene ndikuloza n'chakuti msodzi aliyense wofika amadziwika, ndipo wolakwa amatchulidwa dzina pamaso pa anzake. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Zida zochitira zomwezi ku Mangochi zilipo kale. Makomiti a m'madoko, aja timati ma BVC, anayambira komweko ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire mu 1993, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linatsegula njira yoti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamalira nsomba. Chitetezo cha m'madera, chija apolisi amagwirira ntchito limodzi ndi anthu a m'mudzi, chinayamba m'dziko muno mu 1997. Koma m'madoko ambiri komiti imakumbukira ntchito yake pa nthawi yotseka nyanja yokha, pamene pali maukonde olanda ndi zindapusa zotolera. Chingavute n'chiyani kuti komiti iliyonse ikhale ndi kope limodzi lolembamo nambala ya injini iliyonse ya pa doko ndi mwini wake, ndiponso dzina ndi mudzi wa mlovi aliyense wobwera kudzagwira ganyu? Injini yachilendo ikafika, mwini wake aonetse kumene waigula isanalowe m'madzi. Makaniki wopezeka akufufuta nambala achotsedwe pa doko. Akabaza ali kale ndi masiteji ndi matcheyamani awo; akhoza kugwirizana kuti hayala ya usiku isanyamuke popanda mnzawo kuona nkhope ya wokwerayo. Zonsezi sizifuna thandizo lochokera kunja. Zimafuna kope la ku golosale ndi mtima wolimba kutchula mwana wa mlamu.

Mbali ya apolisi ndi yakuti wobwera kudzanena asabwerere akudandaula kuti bola akanakhala. Belo ya ku polisi ndi yaulere, ndipo womangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48. Anthu akaona zimenezi zikutsatidwa, ngakhale a malume anga akhoza kukhulupirira kuti kukanena mwana wa mlamu si kumutaya kuphompho. Ndipo polengeza chiwerengero cha chaka, atiuzenso kuti mwa milandu imene inanenedwa ndi ingati inafika kukhoti, ndi injini zingati zinabwerera kwa eni ake.

Inu mafumu a m'mbali mwa nyanja, masheikh ndi abusa, ndi inu apampando a makomiti a m'madoko kuyambira ku Malombe mpaka ku Chembe: pamsonkhano wotsatira, munthu akaimirira n'kunena kuti kuno kwadzaza akuba, musamusiye akhale pansi. Mufunseni kuti yakuluma ndi iti, ndipo akaitchula, mumuperekeze ku polisi.